Anabayitsa kale katemera wa chiwewe, lero galu wamukandanso: abayitsenso?

Amake Tadala, Chirimba: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni inu odziwa za chiwewe. Mwana wa zaka 9 analumidwa ndi galu chaka chatha mwezi wa Ogasiti, ndipo majakisoni anamaliza onse. Lero masana galu wa aneba wamukanda pamkono akusewera naye. Pali timizere tiwiri tofiira koma magazi sanatuluke. Pano ena akuti katemera wa chaka chatha uja akadali m'thupi, palibe chopitira kuchipatala. Ena akuti ayambirenso majakisoni onse. Tigwire ziti?

Anaphiri, namwino, Zingwangwa: Amake Tadala, tisanapite patali, mwatsuka? Ngati simunatsuke, ikani foni pansi mukatsuke kaye. Sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, ndipo muziyang'anadi wotchi, chifukwa pa mpopi mphindi zitatu zokha munthu amaona ngati watsuka kalekale. Sopo aliyense, ngakhale wochapira zovala. Ngati ku mpopi kwauma, wina azithira ndi kapu kuchokera m'ndowa, wina azipaka thovu, ndipo madzi otsukirawo azitayikira pansi, asabwerere m'beseni. Kachilombo ka chiwewe kanakutidwa ndi kachikopa ka mafuta, ndiye sopo amakaphwanya. Mukatha pakani ayodini, ngati mulibe pakani spiriti.

Spiritiyo akuuzaninso china. Mukapaka pa timizerepo mwana n'kumva kuwawa, ndiye kuti khungu lang'ambika ngakhale magazi sanaoneke.

Anaphiri, namwino, Zingwangwa: Tsopano ku funso lanu. Mbali zonse ziwiri zaphonya. Sayambiranso onse, komanso sakhala pakhomo. Munthu amene anamalizapo katemera wa chiwewe, akalumidwanso kapena kukandidwa patadutsa miyezi itatu, amabayidwa majakisoni awiri okha owonjezera, pa tsiku 0 ndi pa tsiku 3. Tsiku 0 ndi tsiku lobayidwa jakisoni woyamba, osati tsiku lokandidwa. Akabayidwa Lachiwiri, wachiwiri ndi Lachisanu. Akabayidwa Lachinayi, tsiku 3 ligwa Lamulungu, ndiye mufunsiretu pomwepo kuti tsiku limenelo mudzapita khomo liti. Mutenge buku lake la kuchipatala, lomwe lija munagwiritsa ntchito chaka chatha.

A Gondwe, Bangwe: Achemwali Anaphiri, kungokanda ndi zikhadabo basi? Ine ndimadziwa kuti chiwewe chili m'malovu. Zikhadabo zili ndi malovu?

A Mbewe, a za ziweto, Limbe: Zili nawo, a Gondwe. Galu amanyambita mapazi ake kangapo patsiku, ndipo wodwala chiwewe dovu limangoyenderera mpaka pa miyendo yakutsogolo. Komanso posewera, mwana sangasiyanitse bwino kuti apa ndi chikhadabo, apa ndi dzino. Mano a kagalu kakang'ono ndi osongoka kwambiri, amasiya mzere wofanana ndi wa chikhadabo.

Che Saidi, a zachipatala, Ndirande: Ndiike bwino apa, chifukwa mawu oti “wakhudzana ndi galu” akunyamula zinthu zosiyana. Malangizo a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, amene anakonzedwanso mu 2018, amagawa patatu.

Ngati wangogwira galu, kumudyetsa, kapena galu wanyambita khungu labwinobwino lopanda chilonda, ingosambani ndi sopo. Palibe katemera, kaya munabayitsapo kale kaya ayi. Kachilomboka sikaboola khungu lathunthu. Amene amada nkhawa chifukwa galu wawanyambita pa mwendo wopanda bala, mtima m'malo.

Ngati wakandidwa kapena kulumidwa pang'ono magazi osatuluka, ndi gulu lachiwiri, kumene kuli mwana wa Amake Tadala. Pamenepo kutsuka ndi katemera.

Gulu lachitatu ndi pamene dzino kapena chikhadabo chaboola mpaka magazi, kapena malovu alowa pa chilonda, m'maso, m'mphuno kapena m'kamwa. Apa ndi pamene anthu amadziphonya. Amaona kuti galu sanalume, wangonyambita, koma wanyambita pa chilonda cha pa bondo chimene mwana anagwa nacho dzana, kapena pa milomo. Kumeneko ndi kofanana ndi kulumidwa. Mwana wamng'ono akanyambitidwa kumaso, mufunseni modekha kuti lilime linafika pati, ndipo muunike thupi lonse ndi tochi, mpaka m'mutu ndi pakati pa zala. Ana amabisa poopa kukalipiridwa kuti amaputa galu.

Amake Tadala, Chirimba: Tatsuka, ndipo spiriti wamuwawa. Koma ndifunse, ngati katemera wa chaka chatha akugwirabe ntchito, awiri enawo ndi a chiyani? Ndipo ngati anatha mphamvu, awiri okha akwanira bwanji?

Che Saidi, a zachipatala, Ndirande: Funso labwino, amayi. Katemera amasiya zinthu ziwiri m'thupi. Choyamba ndi asilikali amene ali m'magazi okonzeka kumenya kachilomboka. Amenewa amachepa miyezi ikamapita, ndipo popanda kuyeza magazi simungadziwe kuti atsala ochuluka bwanji. Chachiwiri ndi kukumbukira. Thupi limasunga chithunzi cha mdaniyo kwa zaka zambiri, ndipo likakumbutsidwa ndi jakisoni limapanga asilikali ochuluka m'masiku ochepa. Amene sanabayitsepo zimamutengera sabata imodzi kapena awiri kuti afike pamenepo. Ndiye awiriwo ndi odzutsa chimene chilipo kale, n'chifukwa chake akukwanira. Koma osawabaya ndiye kuti mukudalira asilikali amene simukudziwa kuchuluka kwawo, pa matenda oti akangoonetsa zizindikiro mankhwala ake palibe.

Kachilomboka sikayenda m'magazi. Kamakhala kaye pa bala, kenako kamalowa m'mitsempha yopita ku ubongo n'kumakwera pang'onopang'ono. Nthawi zambiri pamatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti munthu adwale, koma zitha kuchitika pa sabata imodzi, kapena kufika chaka. Bala la kumaso, pakhosi ndi m'zala ndi loopsa kwambiri chifukwa mitsempha ndi yambiri, ndipo kumaso ulendo wa ku ubongo ndi waufupi. Katemera amayenera kukapeza kasanalowe mu mtsempha.

Anagama, Chilomoni: Anamwino anena za miyezi itatu. Nanga ikakhala isanakwane?

Anaphiri, namwino, Zingwangwa: Ngati munthu wamaliza majakisoni onse ndipo walumidwanso miyezi itatu isanathe, malangizo a WHO amati kutsuka bala bwinobwino n'kokwanira, katemera wina safunika, chifukwa asilikali aja akadali ochuluka. Koma mumve bwino mawu oti wamaliza. Amene anabayidwa mmodzi n'kusiya sali m'gulu limeneli. Ndiponso balalo likaonedwebe kuchipatala, chifukwa kulumidwa ndi galu kuli ndi mavuto ena, mafinya ndi kafumbata.

Che Saidi, a zachipatala, Ndirande: Pa kafumbata pomwepo ndiimepo, chifukwa apa ndi pamene pamatayika anthu. Munthu walumidwa, wapita kuchipatala, amutsuka, amubaya jakisoni mmodzi pa phewa, amupatsa mapilitsi, wabwerera kunyumba akuti “ndabayitsa”. Kawirikawiri jakisoni mmodzi ameneyo ndi wa kafumbata, ndipo sateteza chiwewe ngakhale pang'ono. Zaka zikapita munthu yemweyo amabwera akunena kuti anabayitsapo kale wa chiwewe, akufuna awiri okha. N'chifukwa chake timafuna buku, osati mawu apakamwa.

M'bukumo muyang'ane masiku olembedwa motsatizana, monga D0, D3, D7, ndi siginecha kapena chidindo pa tsiku lililonse. Ena amalemba ARV pofupikitsa dzina la katemera wa chiwewe, musadabwe, si mankhwala otalikitsa moyo aja. Kuti munthu awerengedwe ngati wobayitsa kale, pafunika umboni wa majakisoni osachepera awiri a katemera wamakono, obayidwa masiku osiyana. Mmodzi yekha sawerengedwa. Akuluakulu amene anabayidwa kalekale majakisoni ambirimbiri a pamimba aja, amenewonso timawayambitsa pachiyambi. Buku likatayika ndipo palibe polemba pena, timayambiranso onse, ndipo kubwereza sikuvulaza munthu.

Nonse amene muli ndi tsamba limenelo, lijambuleni pa foni lero lomwe.

A Gondwe, Bangwe: Ndamva, koma ine ndikuonabe kuti tikuthamanga. Galuyo ndi wa aneba, akudziwika, mwina anabayidwa katemera. Bwanji osamumanga masiku 10 aja n'kuona? Akakhala bwino ndiye kuti mwana wapulumuka majakisoni.

A Mbewe, a za ziweto, Limbe: Masiku 10 ndi oona, koma ntchito yake si imeneyo, achimwene. Galu amayamba kutulutsa kachilombo m'malovu patatsala masiku ochepa kuti adwale, ndipo akadwala sakhalitsa, amafa. Ndiye ngati patha masiku 10 chilumireni munthu galu akadali wamoyo, akudya, akusewera, tikudziwa kuti tsiku lolumalo malovu ake analibe kachilombo. Lamuloli ndi lothandiza kusiya majakisoni otsala, osati kuchedwetsa woyamba. Kuno chiwewe chilipo, ndiye timayamba katemera uku tikuyang'anira galu. Ndipo limagwira kwa agalu ndi amphaka. Nkhandwe, fisi kapena mleme palibe zodikira.

Kwa mwana ameneyu onani masamu ake. Majakisoni ake onse awiri atha pa tsiku 3. Mukadikira masiku 10 kenako galu n'kuyamba kudontha dovu pa tsiku 8, mwataya sabata yathunthu pofuna kupewa majakisoni awiri.

Za khadi la katemera wa galu, lifunseni ndithu, ndipo muone tsiku ndi maonekedwe a galu olembedwapo, chifukwa pakhomo pa agalu atatu khadi limodzi limatha kuyimira onse. Galu wobayidwa sabata yatha chitetezo chake sichinakhwime, chimafuna masabata angapo. Khadi labwino limachepetsa nkhawa kwambiri, koma woganiza zoti katemera wa munthu asaperekedwe akhale wachipatala ataona bala, ndi wa za ziweto ataona galu, osati eni galu.

A Gondwe, Bangwe: Pamenepo ndagwirizana nazo. Nanga kalata ya ku ofesi ya za ziweto imene ena amafunsa asanabaye?

A Mbewe, a za ziweto, Limbe: Zipatala zina zimafunsadi kalatayo, chifukwa katemera ndi wodula ndipo amafuna apite kwa amene akufunikiradi. Imatithandizanso ife kudziwa dera limene kwabuka galu wokayikitsa. Nzeru yake, gawanani ntchito. Mmodzi apite ndi mwana kuchipatala tsiku lomwelo, wina apite ku ofesi ya za ziweto ndi mwini galu ndi khadi. Musagone kunyumba masiku awiri chifukwa ofesi yatseka. Pitani kuchipatala bala likaonedwe ndi kulembedwa m'buku, akakuuzeni komweko.

Anagama, Chilomoni: Kwa amene sanabayitsepo n'komwe, ndi angati? Ena amati atatu, ena anayi, ena asanu.

Anaphiri, namwino, Zingwangwa: Onsewo akunena zoona, kungoti njira ndi zosiyana. Pali kubaya mu mnofu, pamene botolo lonse limapita kwa munthu mmodzi, lina ndi la 0.5 ml lina la 1 ml malinga ndi kampani. Kale anali asanu, pa masiku 0, 3, 7, 14 ndi 28. Malangizo a 2018 anatsitsa kufika anayi, pa 0, 3, 7 ndi womaliza pakati pa tsiku 14 ndi 28. Ilipo inanso ya mu mnofu yobaya awiri pa tsiku 0, phewa lililonse mmodzi, kenako mmodzi pa tsiku 7 ndi wina pa tsiku 21.

Ndiye pali kubaya m'kati mwa khungu, 0.1 ml phewa lililonse, pa masiku 0, 3 ndi 7, sabata imodzi zatha. Imeneyi imateteza mofanana, ndipo botolo limodzi limakwanira anthu angapo. Singano yake ndi yaing'ono, imalowa chopendekera pamwamba penipeni, ndipo payenera kutuluka kachotupa koyera ngati polumidwa ndi udzudzu. Kachotupako kakapanda kutuluka ndiye kuti mankhwala apita pansi pa khungu, ayenera kubayanso pambali. Musatikite pamenepo. Botolo likasungunulidwa liyenera kutha m'maola 6 mpaka 8, ndiye mukauzidwa kuti mubwere nthawi yakutiyakuti pamodzi ndi ena, chifukwa chake n'chimenecho.

Kwa wobayitsa kale, njira ya m'khungu ndi 0.1 ml malo amodzi pa tsiku 0 ndi tsiku 3, kapena malo anayi tsiku limodzi basi, yomwe ndi yabwino kwa ochokera kutali. Si chipatala chilichonse chimatsata njira zonsezi. Landirani imene akugwiritsa ntchito pamalopo, ilembedwe m'buku.

Chimodzi chokha musalole: kubayidwa katemerayu m'matako. Pamenepo pali mafuta ambiri ndipo sagwira bwino ntchito, moti wobayidwa m'matako timamuwerenga ngati sanabayidwe. Malo ake ndi pa phewa, ndipo kwa mwana wosakwana zaka ziwiri ndi pa ntchafu, cha kunja.

Che Saidi, a zachipatala, Ndirande: Phindu lina la kubayitsa kale ndi loti simufunika jakisoni wa pa bala uja timati RIG. Ameneyo si katemera. Ndi asilikali opangidwa kale, otengedwa m'magazi a anthu kapena a mahatchi, ndipo amabayidwa m'kati ndi m'mbali mwa bala lenilenilo kuti agwire kachilombo pamene thupi likudikira kupanga ake. Ndi wa gulu lachitatu, kwa amene sanabayitsepo. Mlingo wake sudutsa 20 IU (muyeso wa mphamvu ya mankhwalawa) pa kilogalamu ya kulemera kwa munthu ngati ndi wa anthu, 40 IU ngati ndi wa mahatchi, ndiye mwana wa makilogalamu 25 sapitirira 500 IU kapena 1,000 IU. Pakadutsa tsiku 7 chibayireni katemera woyamba saperekedwanso, chifukwa thupi layamba lokha. Kwa wobayitsa kale sitipereka dala, amasokoneza kudzuka kwa chitetezo kuja.

RIG ndi wosowa ndiponso wodula m'maiko ambiri a kuno kwathu. Akasowa musataye mtima n'kusiya zonse. Kutsuka bwino msangamsanga ndi kumaliza katemera pa masiku ake kumapulumutsa pafupifupi onse.

Pali gulu limodzi limene lamulo la awiri okha silikhudza: amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala kapena CD4 yawo ili pansi. Amenewa amalandira katemera yense ndi RIG ngakhale anabayitsapo kale, ngakhale bala ndi la gulu lachiwiri. Amene akumwa mankhwala mokhulupirika ndipo ali bwino amathandizidwa ngati wina aliyense. Muuzeni wachipatala poyera, ndi zimene zimamuthandiza kusankha.

Anabanda, Machinjiri: Pepani ndalowa mochedwa. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa angabayitse? Komanso ife osunga agalu, kodi tizibayitsa chaka chilichonse ngati agaluwo?

Anaphiri, namwino, Zingwangwa: Woyembekezera ndi woyamwitsa abayitse, ngakhale khanda limabayidwa. Palibe chifukwa chokanira katemerayu munthu akakhala kuti walumidwa. Zotsatira zake ndi kuwawa kapena kufiira pobayapo, mwina kutentha thupi pang'ono ndi mutu, Panado amakwana. Kusamba, kudya, kupita kusukulu, zonse monga mwa masiku onse.

Za chaka chilichonse, ayi amayi. Chaka ndi chaka ndi galu. Munthu wamba amene anabayitsapo safunika owonjezera mpaka tsiku limene wakandidwa kapena kulumidwanso, ngakhale papite zaka 10. Osiyana ndi amene ntchito yawo imawaika pa ngozi nthawi zonse, monga oyeza ubongo wa nyama mu labotale. Amenewo amabayitsiratu pa tsiku 0 ndi 7, amayezedwa magazi nthawi ndi nthawi, ndipo amawonjezera chitetezo chikatsika pansi pa 0.5 IU pa ml.

A Gondwe, Bangwe: Nanga tsiku 3 likakwana n'kupeza katemera watha, kapena munthu wasowa thiransipoti?

Che Saidi, a zachipatala, Ndirande: Simuyambiranso. Mukabayitse tsiku loyamba limene mungathe, mupitirize pamene munalekera. Mukapeza watha pamalo amodzi, funsani akulembereni kokapeza kwina tsiku lomwelo, osangobwerera kunyumba kukadikira. Kusintha kampani ya katemera pakati pa ulendo n'kololedwa.

Mukaganiza zogula ku famase, samalani kasungidwe. Amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, osaumitsidwa. Onani kuti akumutulutsa mu firiji, onani tsiku lothera ntchito, ndipo munyamule m'kabokosi kozizira, botolo litakulungidwa kuti lisagunde ayezi. Kumuika m'thumba la malaya n'kukwera minibasi kuchokera ku Limbe dzuwa lili pamutu ndi kutaya ndalama. Wobaya akhale wachipatala, ndipo alembe m'buku.

Amene analumidwa mwezi watha kapena miyezi yapitayo ndi galu wosadziwika osabayitsa, apitebe. Bola zizindikiro zisanayambe, katemera amaperekedwa ngati walumidwa lero.

Ndipo pa bala musaike tsabola, phulusa, mankhwala otsukira mano kapena ubweya wa galu wootcha. Sizipha kachilombo, zimangowononga mnofu ndi kuchedwetsa munthu. Musaumirizenso kuti asoke. Bala la galu timalisiya lotsegula pokhapokha ngati palibe kuchitira mwina, chifukwa kusoka kumakankhira kachilombo m'kati.

Anagama, Chilomoni: Koma mu Blantyre muno chiwewe chikadalipo? Si agalu amabayidwa m'masukulu aja?

A Mbewe, a za ziweto, Limbe: Chinachepa, sichinathe. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a BSPCA, bungwe losamalira nyama mu Blantyre, ndi nthambi ya boma ya za ziweto, linabaya agalu opitirira 35,000 mu mzinda uno m'masiku 20 ogwira ntchito, ena pa masukulu a pulayimale ena khomo ndi khomo, ndipo ntchitoyo yakhala ikubwerezedwa. Kuti matendawa aleke kufala pafunika agalu 70 pa 100 aliwonse akhale obayidwa, ndipo chiwerengerocho chimatsika msanga chifukwa tiagalu tikubadwa mwezi uliwonse, ena akubwera nato kuchokera kumudzi kapena kugula m'mbali mwa msewu. Kagalu kakang'ono musakaderere, nakonso kamakhala ndi chiwewe, ndipo ndi kamene ana amakumbatira. Pa kampeni kabayitseni ngakhale kali kakang'ono.

Che Saidi, a zachipatala, Ndirande: Ndiwonjezere kuti imfa zina za chiwewe sizidziwika kuti ndi chiwewe. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queens amene anasindikizidwa mu 2007 anapeza kuti ena mwa ana amene ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a mu ubongo anali ndi chiwewe. Sikuti aliyense amaopa madzi moonekeratu. Ena amayamba ndi dzanzi kapena kuyabwa pa chipsera chakale, kenako kufooka kwa miyendo.

Anabanda, Machinjiri: Lomaliza, a Mbewe. Galu wachilendo akalowa mu mpanda n'kumenyana ndi galu wa pakhomo amene ali ndi khadi, naye amafunika wowonjezera?

A Mbewe, a za ziweto, Limbe: Eya, amafunika, ndipo msanga. Muuzeni wa za ziweto tsiku lomwelo, amubaye wowonjezera, ndipo akuuzani nthawi yoti akhale womangidwa osayenda ndi osasewera ndi ana. Nthawi imeneyo ndi yaitali kuposa masiku 10 aja, chifukwa apa tikudikira kuona ngati iyeyo watenga matenda. Pomutsuka mabala valani magolovesi kapena majumbo awiri m'manja, poti malovu a galu winayo akadali pa ubweya. Ngati munalekanitsa ndewuyo ndi manja, dziyang'aneni zala.

Muziona ngati wasintha khalidwe: waukali kukhala wofatsa modabwitsa, wofatsa kuyamba kuluma mitengo, miyala ndi unyolo, mawu kusasa, miyendo yakumbuyo kufooka. Pa mtundu wina wa chiwewe galu saluma kawirikawiri. Amangokhala duu, chibwano chili pansi, dovu likutsika, akudzikanda kukamwa ngati fupa lamutsamwa. Musapise dzanja m'kamwa kukafuna fupalo, munthu atha kutengera pamenepo.

Galu woluma munthu musathamangire kumupha ngati n'kotheka kumutsekera bwinobwino, chifukwa mukamupha masiku 10 aja palibenso. Akafa yekha kapena akaphedwa, musaphwanye mutu ndipo musataye mtembo mu mtsinje kapena kudzala. Choyeza ndi ubongo. Musamugwire ndi manja, muphimbeni pa mthunzi agalu ena ndi ana asafike, muitane a za ziweto adzatenge. Amene analumidwa kapena kukandidwa ndi galuyo asadikire zotsatira za ku labotale, ayambe katemera tsiku lomwelo.